Achimwene a ku Joni, GS imeneyo muyambe mwaidzutsa kaye musanalipire

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ali ku Joni, dzina sinditchula. Akuti atha zaka zinayi akupanga ma delivery pa kanjinga ka 150cc, asungako kangachepe, ndiye apeza munthu akugulitsa njinga yamoto ya BMW R 1200 GS Adventure ya 2015 yoti yayenda makilomita 70,000. Maloto awo ndi oti Disembala akubwerayu aikwere kuchoka ku Joni mpaka kwawo ku Ntcheu, akaime pakhomo pa mayi awo injini ikulira, mudzi wonse utuluke. Funso lawo ndi loti agule kapena ayi. Kumapeto kwenikweni anawonjezera ngati zongodutsa kuti iwowo ndi aafupi, 1.65m, "koma imeneyo si nkhani".

Achimwene, nkhani ndi imeneyotu. Tiyambire pomwepo.

Ineyo ndili ndi R 1200 GS, osati ya Adventure koma wamba, ndinaigula yakale. Ndine wamtali kuposa inu ndithu, koma tsiku lachitatu chiigulireni inandichititsa manyazi pa filling station ina ku Lilongwe. Sindinkathamanga, ndinali nditaima kale. Ndinangoponda pomwe panatayikira dizilo, phazi n'kutsetsereka pang'ono chabe, njinga n'kuyamba kupendekera kumanja mwaulesi ngati ng'ombe yofuna kugona, ine kulimbana nayo mitsempha yapakhosi ili tolotolo, mpaka ndinangoisiya. Phii! Pambalipo panali anyamata a kabaza ngati khumi ali pa mzere ndi ma Lifo awo. Poyamba kunali zii, kenako mmodzi anati "bwana, imeneyi ndi ya anthu awiri, wina woyendetsa wina wodzutsa". Anabwera atatu kudzandithandiza akuseka, ine ndinagula Fanta wa onse kuti nkhani ithere pomwepo. Sinathere pomwepo, mpaka lero ndikadutsa amandikuwa.

Mwaonatu, njinga zazikuluzi sizivuta zikamathamanga. Pa 120 pamsewu wa tala ngakhale mwana akhoza kuigwira, imangoyenda yokha ngati sitima. Vuto limakhala pa liwiro la munthu woyenda pansi, pokhota pa msika, pa roadblock, pobwerera m'mbuyo pamalo otsetsereka, pa mzere wa pa boda. Imene mukuifunayo thanki yake ndi ya malita 30, ikadzadza njinga yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 260. Amenewo ndi matumba asanu a chimanga a 50kg, kuwonjezerapo kandowa. Muikepo mabokosi a aluminiyamu aja, zovala, mashuga ndi mafuta ophikira a kumudzi (musakane, tonse timanyamula), mwadutsa 300. Ndipo kulemerako kuli m'mwamba chifukwa petulo amakhala pamwamba. Chishalo chake pansi penipeni ndi 890mm, mukachikweza 910mm. Pa msinkhu wanuwo mudzakhala mukugunda pansi ndi chala chachikulu cha phazi limodzi, thako litatsetsereka mbali imodzi. Alipo anthu aafupi amene amaziyendetsa bwinobwino, ndawaonapo, koma amenewo anayamba ndi njinga zapakati n'kumakwera pang'onopang'ono, sanadumphe kuchoka pa 150cc.

Ndiye musanapereke ndalama, chitani ichi. Mupemphe mwini wakeyo, kapena mnzanu aliyense amene ali ndi njinga yotere, muigoneke pa kapinga mwadala ndipo muidzutse nokha katatu. Kadzutsidwe kake sikogwiritsa ntchito msana kapena manja ayi. Muithimitse, ikhale mu giya kuti isagubuduke, ngati yagwera kumanja mutambasuliretu sitandi kuti isakagwerenso mbali inayo, kenako muifulatire, matako pa chishalo, dzanja lina pa handulo ya pansiyo lina pa chogwirira cha kumbuyo, n'kumakankha ndi miyendo mukubwerera m'mbuyo timasitepe ting'onoting'ono. Ubwino wa GS ndi woti masilinda ake awiri aja anatulukira m'mbali ngati makutu, ndiye sigona pansi kwathunthu, imatsamira pa silinda. Koma mukadzutsa katatu mudzadziwa nokha ngati mungathe kuchita zomwezo muli nokhanokha pakati pa Nyamapanda ndi Tete dzuwa lili pamutu, mutavala jekete ndi jombo, madzi atatha.

Musaganize kuti ndikuinyoza. Njingayi ndimaikonda moti akazi anga amaitchula kuti mkazi wamng'ono. BMW inayamba mtundu umenewu mu 1980 ndi R 80 G/S, ya 1200 inabwera mu 2004, ndipo kuyambira 2013 anayamba kuziziritsa injini ndi madzi, yanuyo ndi ya gulu limeneli. Ilibe tcheni, mphamvu imapita ku tayala la kumbuyo kudzera mu shafti, ndiye zothira oilo pa tcheni madzulo aliwonse kapena kumangitsa tcheni m'fumbi kulibe. Ine imandidyera lita imodzi pa makilomita 18 kapena 20 ndikamayenda mwaulemu, kutanthauza kuti thanki ya malita 30 ija ikhoza kukupititsani makilomita oposa 500, ndipo kwa ife amene tinagonapo pa mizere ya mafuta muno m'Malawi, chimenecho si chinthu chochepa. Tsiku lina mudzatsike Khwekhwerere m'mamawa kuchoka mbali ya Dedza kulowera ku Golomoti, nkhungu ikungochoka, makona akubwera motsatizana njinga ikungogona uku ndi uku, chigwa chonse chili pansi panu mpaka kunyanja. Kapena pa Chiweta, mukangotembenuka kona n'kuona nyanja yonse yatambasuka. Pamenepo munthu umaiwala zonse zimene unalipira. Ndiye njala yanuyo ndikuimvetsa, si misala.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kugula ndi tsiku limodzi, kudyetsa ndi tsiku lililonse.

Ku Joni kumene muliko zonse ndi zophweka, ma dealer alipo, ma shopu a matayala ali paliponse. Kuno ndi dziko lina. Sevisi yake ndi ya makilomita 10,000 aliwonse, oilo ndi fyuluta munthu ukhoza kusintha wekha pakhonde, koma njingayi ndi kompyuta ya matayala awiri. Ikayatsa kanyali ka chikasu pa dashibodi, makaniko wathu wa pansi pa mtengo uja, amene injini ya kabaza amaimasula ndi kuimanga maso ali chitsinzire, apa amangoizungulira n'kumati "koma chinthuchi ndi chamakono". Si kulephera kwake, sanaionepo. Ndiye mukagula mugulenso kachipangizo kowerengera ma fault kotchedwa GS-911, n'kopangidwa ku South Africa komweko, mumalumikiza ku foni n'kukuuzani chimene chavuta.

Matayala ndiye nkhani imene inandiphunzitsa kudekha. Kutsogolo ndi 120/70 R19, kumbuyo 170/60 R17, ndipo musayembekezere kuti mulowa mu shopu ku Limbe kapena ku Malangalanga n'kulipeza lili pa shelefu. Chaka china ndikuchokera ku Nyika ndinang'amba tayala la kumbuyo m'mbali pa mwala wakuthwa, kulakwa kwanga ndemwe, ndinali nditaphwetsa mpweya kwambiri chifukwa cha mchenga n'kuiwala kupopanso. Bowo la msomali pa tayala la tubeless umangolowetsa kachingwe ka labala kaja n'kupopa, mphindi khumi wanyamuka. Koma kung'ambika kwa m'mbali kulibe mankhwala. Njinga inakwera lole ya fodya mpaka ku Mzuzu, tinaikweza anthu asanu ndi mmodzi pa thabwa, ine ndinakhala pamwamba pa mabelo nditaigwira ngati wodwala. Tayala linachokera ku Joni pa basi, masiku asanu ndi anayi ndikudikira, tsiku lililonse kondakitala akuti "lili m'njira bwana". Kuyambira pamenepo kunyumba kwanga sikusowa tayala la sipeya, lili kuseri kwa wadiropu, akazi anga anasiya kufunsa.

Tsopano za njinga yeniyeni mwaipezayo. Makilomita 70,000 pa injini imeneyi si ukalamba ngati inkasamalidwa, ndiye chofunika ndi buku la sevisi, lokhala ndi zidindo, osati nkhani za pakamwa. Mufunsenso ngati inapita kukakonzedwa mafoloko a kutsogolo, chifukwa mu 2017 BMW inaitanitsa njinga za GS za zaka zimenezo kuti zikaunikidwe pamwamba pa mafoloko pomwe pankatha kumasuka njinga ikamenya dzenje mwamphamvu. Dealer aliyense akhoza kukuuzani ndi nambala ya chasisi. Muiimike pa sitandi yapakati, mugwire tayala la kumbuyo ndi manja awiri n'kuligwedeza uku ndi uku, lisamasewere, ndipo pasakhale oilo wodontha pa shaftipo. Ngati ili ndi masipuling'i a magetsi aja a ESA muwayese ma setting onse, chifukwa amenewo akafa mtengo wake mukhoza kugulira kabaza watsopano. Ma crash bar, zitsulo zoteteza injini njinga ikagwa, akakhala okalikakalika asakuopseni, GS yosagwapo ndi yoti sinayendepo. Oopsa ndi ma handulo opindika ndi limu yophwanyika.

Za ulendo, njira mukuidziwa kale poti ndi ya mabasi ija: N1 mpaka Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, ndiye inu a ku Ntcheu mukafika pa Zalewa mukhotera kumanzere, za Blantyre sizikukukhudzani. Ndi makilomita pafupifupi 1,800. Pa basi mumagona, pa njinga simugona, ndiye muwerengere masiku atatu kapena anayi, ndipo dzuwa likangolowa muime. Ng'ombe, abulu ndi mbuzi za m'njira imeneyo sizivala ma reflector, ndipo ma thiraki akakuthirani ma full light maenje simuwaona. Mapepala a njinga akhale m'dzina lanu, ngati mwagula pa ngongole mutenge kalata ya banki yokulolani kutuluka nayo, pa boda iliyonse pali TIP (chikalata chololeza njinga kulowa m'dziko kwa kanthawi) ndi inshuwalansi. Laisensi ndi code A, imene ndikukhulupirira muli nayo kale poti A1 imathera pa 125cc. Ndipo ngati maganizo anu ndi odzaisiya kumudzi, dziwani kuti TIP ndi ya mlendo wodutsa, yokhalitsa imafuna duty ya MRA, mufunsiretu musanadzalire pa Mwanza.

Koma Disembala, achimwene, bwanji Disembala? Ndikudziwa ndi nthawi imene matchona onse amabwera, koma ndi nthawinso ya mvula. Tala yense mudutsa bwino, vuto ndi makilomita omaliza aja ochoka pa M1 kulowa kumudzi kwanu. Dothi lofiira lija likanyowa limasanduka sopo, limamatirira m'mizere ya tayala mpaka tayala kukhala ngati dazi, ndiye makilogalamu 300 pamwamba pa sopo, miyendo yosafika pansi. Mnyamata wa kabaza adzakudutsani atanyamula mayi, mwana ndi thumba la feteleza, mapazi akupalasa m'matope, akukuimbirani belu. Mukafuna kulowa m'mudzi mwaulemu bwerani Juni, Julayi kapena Ogasiti, kouma komanso ku Tete kusanayambe kuwotcha kwa Okutobala kuja.

Ndikanakhala inu ndikanatani? Ndalama yomweyo ndikanagula Suzuki V-Strom 650. Chishalo chake ndi 835mm, thanki malita 20, kulemera kwake kungopitirira 210kg pang'ono, injini yake ndi yosadandaula ndipo ya tcheni, chinthu chimene makaniko wa pa Ntcheu boma amachimvetsa. Kapena Honda CB500X, yomwe siifika n'komwe 200kg. Africa Twin ndi Ténéré 700 ndi njinga zabwino kwambiri pa fumbi chifukwa cha tayala la mainchesi 21 kutsogolo, koma nazonso ndi zazitali, vuto lanu lija silinathe. Chenji chotsalacho mugulire helimeti yeniyeni, jekete ya ma padi, jombo zofika m'mawondo zoteteza akakolo, magolovesi, ndi kosi ya off-road ya weekend imodzi, ku Gauteng aliko ophunzitsa. Kumeneko akakugwetsani mu mchenga tsiku lonse, kukuphunzitsani kuima pa ma pegi opondapo mapazi aja, kuyang'ana kutali osati pa tayala, komanso kusatseka mafuta njinga ikayamba kuvina, zimene thupi limakana poyamba. Ndipo kunena zoona, kwa mayi anu ku Ntcheu V-Strom yokhala ndi mabokosi ndi chinjinga chachikulu chimodzimodzi, sakafunsa ma cc.

Ngati mtima wakakamirabe pa GS, poti mtima suuzidwa, siyani ya Adventure mufune GS wamba ngati yangayi. Thanki ndi malita 20, ndi yopepukako ndi makilogalamu pafupifupi 20, chishalo 850mm, ndipo zilipo zina zimene zinatuluka ku fakitale zili zotsitsidwa kale. Muyende nayo miyezi isanu ndi umodzi konko, mupite nayo ku Magaliesburg ma weekend, igwe kangapo pafupi ndi kwanu komwe sipeya ali pafupi, kenako muziganiza za Beitbridge.

Munditumizire chithunzi cha buku la sevisi lija ndi nambala ya chasisi ndikuthandizeni kuona, komanso muyeze mwendo wanu kuchokera pansi mpaka m'mphechepeche mutavala jombo, chifukwa nambala imeneyo ndi yofunika kuposa 1.65 mwanenayo. Ndipo mukadzanyamuka mudzandinyamulireko tayala limodzi la 170/60 R17, ndidzakudikirirani pa Zalewa.