Achemwali a ku Leicester akufuna kugula boti lokhalamo: yankho langa

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a kwathu omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, mzinda wa ku England. Dzina sinditchula, koma andilola kuti ndiyankhe pano chifukwa funso lawo ndi lomwe ambiri mumandifunsa kumbali. Akuti akulipira £650 pamwezi pa chipinda chimodzi m'nyumba yokhala anthu asanu, ndipo atopa. M'zaka zinayi asunga £28,000. Tsopano aona pa Facebook narrowboat ya mapazi 50, yopangidwa mu 1989, pa mtengo wa £24,000. M'kati mwake ndi moyera, makatani atsopano, mbaula yonyezimira. Wogulitsa akufuna dipoziti ya £2,000 sabata ino, ati pali enanso akulifuna. Ntchito yawo nthawi zambiri ndi yausiku ndipo galimoto alibe. Funso lawo ndi lakuti, agule?

Achemwali, ndalamazo musatumize. Sindikukuletsani kukhala m'boti ayi. Ine chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndikugona pamadzi ndipo sindilakalaka kubwerera m'nyumba ya lendi. Koma pali zinthu ziwiri zomwe simunazitchule m'kalata mwanu, ndipo ndi zomwe zimaliza anthu: botilo lidzagona kuti, ndipo chitsulo chake cha pansi chatsala chokhuthala bwanji.

Ndiyambe ndafotokozera omwe akuwerenga ali kumudzi. Narrowboat ndi boti lachitsulo lalitali koma lopapatiza, m'lifupi mwake mapazi 6 ndi mainchesi 10, kungopitirira pang'ono mamita awiri. Kupapatizaku kunachokera ku ngalande zomwe James Brindley ndi anzake anakumba ku England m'zaka za m'ma 1760 ndi 1770 zonyamulira malasha ndi katundu wa m'mafakitale. Pa ngalandezi pali zipata zokwezera ndi kutsitsira boti pamalo otsetsereka, amati ma lock, ndipo zambiri za m'chigawo chapakati n'za mapazi 7 okha m'lifupi. Ukaima pakati pa boti n'kutambasula manja, zala zimatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Imeneyo ndiye nyumba yomwe tikukambayi.

Tsono za pogona boti. Ngalande ndi mitsinje yambiri ya ku England ndi Wales, pafupifupi mamailosi 2,000, imayang'aniridwa ndi Canal & River Trust, yomwe inalowa m'malo mwa British Waterways mu 2012. Boti lililonse pamadzi awo limafunika laisensi, ndipo la kukula ngati lomwe mwaonalo laisensi yake imapitirira £1,000 pachaka. Pokatenga laisensi mumasankha chimodzi mwa ziwiri. Mwina muli ndi malo anuanu okochezapo omwe mumalipira, kapena mulibe ndipo mukulonjeza kuti muziyenda chaka chonse. Achiwiriwa amatchedwa ma continuous cruiser, ndipo lamulo la 1995 limati asakhale malo amodzi kupitirira masiku 14. Anthu akamva zimenezi amasangalala kuti basi malo ndi aulere. Ndi zoona kuti kukocheza m'mbali mwa ngalande salipiritsa, koma kuyendako kuyenera kukhala kwenikweni, osati kusuntha kuchoka pa mlatho uwu kupita pa winawo n'kubwereranso. A Trust ali ndi anthu oyenda m'mbali mwa madzi akulemba manambala a maboti, ndipo amayembekezera kuti pa chaka ulendo wanu utambasuke mtunda wa mamailosi pafupifupi 20 kapena kuposa. Mukalephera amakupatsani laisensi ya miyezi yochepa, ndipo mukapitiriza akhoza kukaniza laisensi n'kulichotsa botilo pamadzi. Kuyambira Epulo 2024 opanda malo okhazikika akulipiranso ndalama yowonjezera pa laisensi.

Taganizirani moyo wanu mmene ulili. Mwaweruka 8 koloko m'mawa mutagwira usiku wonse, ndi Januwale, kunja kwachita chisanu, ndipo lero ndi tsiku la 14. Boti liyenera kusuntha. Kumwera kwa Leicester, kulowera ku Kilby Bridge mpaka Foxton, kuli ma lock aakulu a zitseko zolemera, ndipo mukakhala nokha lililonse limadya mphindi 20 kapena kuposa: kumanga boti, kutsegula madzi, kukankha chitseko ndi msana, kukwera makwerero oterera. Boti lenilenilo limayenda liwiro la munthu woyenda pansi, lamulo salola kupitirira mamailosi 4 pa ola. Kumpoto ndi mtsinje wa Soar wopita ku Loughborough, womwe umasefukira mvula ikachuluka, monga unachitira mu Januwale 2024 pa namondwe Henk. Mukafika pamalo atsopanowo, basi yopita kuntchito ili kuti? Njira ya m'mbali mwa ngalande ilibe magetsi, ndi matope okhaokha, ndipo muziyiyenda mumdima kupita ndi pobwera. Alipo omwe amakwanitsa, ndimawadziwa, koma ambiri ali ndi galimoto kapena amagwirira ntchito pa kompyuta m'boti momwemo. Kwa inu ndikuona kuti njira imeneyi ingakutopetseni nyengo yachisanu yoyamba isanathe.

Ndiye mukufunika malo okhazikika, ndipo apa mufunse bwino. Malo ambiri m'ma marina, omwe ndi madoko olipira okochezapo maboti, ndi osungirako boti chabe, mwini wake azibwera Loweruka ndi Lamlungu. Malo ololedwa ndi khonsolo kuti munthu azikhalapo chaka chonse ndi ochepa, anthu amadikira pamzere, ndipo nthawi zambiri pamabwera msonkho wa council tax. Ena amakhala mobisa pamalo osaloledwa, koma ameneyo ndi moyo wa nkhawa, mwini malo akhoza kukuthamangitsani tsiku lililonse. Kwa ife okhala kuno ndi viza ya ntchito nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa eni dziko, chifukwa abwana omwe anakuitanani amayenera kusunga adiresi yanu yolondola, ndipo banki ndi a Home Office, omwe amapereka viza, nawonso amaifuna. Kuchipatala kwa GP, dokotala wa m'dera, mutha kulembetsa ngakhale mulibe adiresi yokhazikika, koma makalata a viza si oti aziyendera kwa mnzanu yemwe mawa akhoza kusamuka. Imbani foni ku ma marina onse omwe mungafikeko pa basi kuchokera kuntchito, mufunse mosabisa kuti mukufuna kukhalamo, ndipo akuuzeni mtengo wa chaka. Mukauphatikiza ndi laisensi mudzaona kuti kusiyana kwake ndi £650 yanu ija si kwakukulu monga mumaganizira. Musaiwalenso kuti wogulitsa akati boti lili ndi malo, kawirikawiri malowo sagulitsidwa limodzi ndi boti. Mwini marina ndiye amavomereza, ndipo akulembereni pa pepala.

Tibwere ku botilo. Makatani atsopano ndi a ndalama zochepa. Chomwe mukugula ndi chitsulo chomwe chakhala m'madzi kuyambira 1989. Maboti ambiri a masiku ano amapangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 10 pansi, 6 m'mbali ndi 4 padenga, ndipo mudzaona otsatsa akulemba 10/6/4. Akale ambiri anayamba ndi chopyapyala kuposa apa. Maboti a Springer, omwe ankapangidwa ku Market Harborough kufupi ndi kwanuko, ndi chitsanzo: anali otsika mtengo, chitsulo chochepa, ndipo ambiri omwe alipo lero anawotchereredwa kale chitsulo china pamwamba pa chakale. Kuwotcherera kotereku kukachitika bwino boti limakhala zaka zambiri, koma kumalemeretsa boti n'kulimiza pang'ono, moti mabowo otulutsira madzi a m'sinki ndi olowetsera mpweya ku injini amayandikira madzi. Dzimbiri la pansi pa madzi silidya mofanana. Limaboola timaenje ting'onoting'ono, makamaka pamzere pomwe madzi amalekezera, ndipo phula latsopano, lomwe amapaka kunsi kwa boti poteteza chitsulo, limabisa timaenjeto bwinobwino. Makampani ambiri a inshulansi safuna boti lomwe chitsulo chatsika pansi pa mamilimita 4, ndipo boti la zaka zimenezi amafuna lipoti la woyeza asanalilandire.

Choncho palibe kugula boti lisanatulutsidwe m'madzi n'kuyezedwa ndi saveya wosankha inuyo, wolipidwa ndi inuyo. Lipoti lomwe wogulitsa angakuonetseni linalembedwera munthu wina pa nthawi ina, musalidalire. Saveya amapala phula malo ambirimbiri, amayeza kukhuthala kwa chitsulo ndi kachipangizo, amayeza kuya kwa timaenje, amagogoda ndi nyundo. Inu mukhalepo tsiku limenelo, muzimufunsa. Ine boti loyamba lomwe ndinalikonda linali lobiriwira, lokongola, ndinali nditasankha kale pomwe ndidzaike mashelefu a mabuku. Litakwezedwa, saveya anandiitana n'kundionetsa timaenje tomwe pansi pake panatsala mamilimita osakwana 3, pansi pa phula lomwe linapakidwa mwezi womwewo. Kukweza ndi kuyeza zinandidyera ndalama zokwana pafupifupi £800, ndipo ndinalira m'sitima pobwerera. Koma kuwotcherera boti lonselo kukanandidyera masauzande ambiri omwe ndinalibe. Mwezi wachitatu wake ndinapeza lomwe ndikukhalamo lero, la penti yosuluka koma chitsulo chabwino.

Za dipoziti ija. Boti lilibe blue book ngati galimoto kwathu, palibe ofesi yosunga kaundula wotsimikiza mwini wake. Dzina la pa laisensi si umboni wa umwini. Umboni ndi mapepala: kalata yomwe wogulitsayo anagulira, malisiti a marina, a inshulansi, a zokonzetsa, zonse za dzina limodzi logwirizana ndi chiphaso chake. Akuba amatenga zithunzi za boti la munthu wina n'kuziika pa Facebook, ndipo mawu awo ndi omwewo akuti fulumirani pali ena. Kodi mwalowamo m'botimo? Mwamuona munthuyo maso ndi maso, akutsegula ndi makiyi ake, akuliza injini ili yozizira? Dipoziti yoyenera imaperekedwa mutalemberana kuti idzabwezedwa saveya akapeza vuto lalikulu. Pa boti loyamba ndimalangiza kugula kudzera ku kampani zogulitsa maboti m'malo mwa eni ake, chifukwa zimasunga ndalama mu akaunti yapadera mpaka zonse zitatheka. Ku Northamptonshire, cha ku Whilton, Braunston ndi Crick, kuli maboti ambiri ogulitsa moyandikana, ndipo si kutali ndi Leicester. Pitani tsiku lopuma mukalowe m'maboti khumi. Mphuno idzakuphunzitsani fungo la chinyontho, ndipo muzipempha kuona pansi pa matabwa kumbuyo kwa chipinda ngati pali madzi.

Masamu anu akundidetsa nkhawa pena. Mukapereka £24,000 mutsala ndi £4,000, ndipo m'menemo muchoke saveya, laisensi, inshulansi ndi malo. Inshulansi yolipira ena mukawawonongera iyenera kufika £2 miliyoni kuti laisensi ituluke. Satifiketi ya chitetezo cha boti, ya Boat Safety Scheme, imatha pa zaka zinayi zilizonse. Phula la pansi limapakidwanso pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ndiye kukwezanso boti. Mabatire amafooka, pampu ya madzi imafa, injini imafuna oyilo ndi mafyuluta. Ngongole ya nyumba ya ku banki sigwira pa boti, ndipo boti silikwera mtengo ngati nyumba. Ngati m'mtima mwanu muli poloti ku Lilongwe kapena ana a sukulu omwe akudalira inu, muwerengere kuti ndalamazi sizidzabwerera zonse.

Moyo wa tsiku ndi tsiku sundiopsa kwenikweni pa inu, chifukwa tinakula tikudziwa kusunga madzi ndi kukonzekera magetsi akazima. Thanki mumadzaza nokha ndi payipi. Chimbudzi chambiri ndi kabokosi komwe mumanyamula kukakhuthula pamalo ake masiku angapo aliwonse. Sola imakwanira kuyambira Epulo mpaka Seputembala, koma mu Disembala imapereka zochepa kwambiri, ndipo injini yotchajira mabatire saloledwa kuliza pakati pa 8 koloko usiku ndi 8 koloko m'mawa pomwe pali anthu pafupi. Pa marina pali magetsi a waya, chomwe ndi chifukwa china chosankhira kumeneko. Kuzizira si vuto mbaula ikayaka, m'boti mumatentha msanga, koma mukaweruka m'mawa mudzaipeza yazima ndipo mazenera akudontha thukuta. Chimodzi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse. Tonse tikudziwa za anthu omwe anagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Juni osadzukanso. M'boti mpweya womwewo umapha chimodzimodzi. Alamu ya carbon monoxide ndi lamulo m'maboti okhalamo kuyambira 2019. Musatseke mabowo a mpweya ngakhale kuzizire bwanji, ndipo phulusa lotentha lizituluka panja.

Mapazi 50 ndi okwanira munthu mmodzi, ndipo boti losapitirira 57 limadutsa pafupifupi ngalande zonse, ngakhale za ma lock aafupi za ku Yorkshire. Kuyendetsa sikufuna laisensi ya woyendetsa, koma maphunziro a tsiku limodzi kapena awiri a RYA, bungwe loona za kuyendetsa maboti, adzakuonetsani zomwe zimamiza maboti, monga kumbuyo kwa boti kukodwa pa chipupa cha pansi pa chitseko madzi akutsika mu lock.

Wogulitsayo mulembereni lero. Mumuuze kuti mukufuna kubwera kudzaliona, mukufuna nambala ya boti, satifiketi ya chitetezo ndi kalata yomwe anagulira, mukufuna kudziwa chaka chomwe linapakidwa phula komaliza ndi ngati linawotchereredwapo, ndipo dipoziti mupereka pokhapokha atavomera kuti litulutsidwe m'madzi. Akakana chimodzi mwa izi, musiyeni. Musanagule, yesetsani kugona m'boti la hayala masiku atatu kapena anayi mu Novembala kapena Febuluwale, pomwe mitengo imatsika ndipo nyengo sinama. Mukapeza mayankho a ma marina aja, nditumizireni pamodzi ndi ndondomeko ya mashifiti anu, tidzawerengere limodzi.