Kodi kopaletivi ingamuchotse pakona mnyamata wanga?

Sabata yatha mayi wina wa ku Rosettenville adanditumizira imelo. Akuti: "Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 22, amangoswera pakona ndi anzake osuta nyaope (mankhwala ozunguza bongo). Ndamva zoti muno mu Johannesburg muli makopaletivi a achinyamata. Angamuthandize?"

Mayi, angamuthandize, koma ndiyambe ndi zowawa. Ambiri akamva dzina loti kopaletivi, gulu la anthu ochitira bizinesi limodzi, amaona ngati khomo la ndalama za boma. Bungwe la boma lotukula achinyamata la NYDA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2009, limaperekadi ndalama zoyambira bizinesi, koma kwa nzika za South Africa za zaka 18 mpaka 35. Ngati mnyamatayo ali ndi pasipoti ya kwathu yokha, musamulonjeze zimenezo.

Lamulo la makopaletivi la 2005 limati anthu asanu akwanira kuyambitsa, ndipo amalembetsa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya adasonkha zambiri kaya zochepa. Ubwino wake uli pamenepa. Mnyamata amene wakhala akutchedwa lova kunyumba, akapezeka kuti dzanja lake likuwerengedwa pamsonkhano, amayamba kudzuka m'mawa yekha. Anzake amsinkhu wake akamufunsa kuti dzulo unali kuti, zimamulowa kuposa kukalipa kwanu.

Komabe satifiketi sisoka malaya. Makopaletivi ambiri amafa ali akhanda chifukwa adayamba ndi kulembetsa, wogula alibe. Ine ndikadati ayambe ndi ntchito: kusoka, kuwotcherera mageti, kukonza mafoni, kapena kutola mapulasitiki ndi makatoni monga amachitira aja okoka matrole m'misewu. Atelala achimalawi ndi ambiri ku Mayfair ndi Fordsburg. Mupempheni mmodzi amusunge pa mashini miyezi ingapo. Ndalama yogulira mashini akeake ichokere ku chipereganyu, chomwe eni dziko amati stokvel. Ndipo musalole kuti thumba lisungidwe ndi munthu mmodzi m'foni mwake. Ndidaonapo gulu likutha pa nkhani ya R2,000 yokha.

Mapepala ake okhalira m'dziko muno akhale olongosoka asanaganize za CIPC.

Za nyaope simudanene bwino, mayi. Ngati nayenso wayamba kusuta, muyambe mwapita naye kukiliniki kapena ku SANCA, bungwe lothandiza anthu omwerekera ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Munthu amene thupi likumufunsa mankhwala m'mawa uliwonse, mashini a gulu adzawagulitsa lisanathe sabata.