Funsani Dokotala: Akuti kunja akumakonza majini, mlongo wanga angachire sickle cell?

Adokotala, ndine mtsikana wa Fomu 3 kuno ku Kapiri, Mchinji. Mlongo wanga wa zaka 6 ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, mafupa akayamba kumuwawa nyumba yonse sitigona. Agogo akuchimuna akuti matendawa anabwera ndi amayi, nawo abambo ayamba kuyankhula zomwezo. Ndinaona pa TikTok kuti kunja akumakonza majini munthu nkuchiliratu, ndi zoona? Pano timangomumwetsa brufen wa pa golosale.

Mwana wanga, chikukusowetsa tulo kwambiri si za pa TikTok zija, ndi amayi ako amene akulozedwa chala pakhomo, nde tiyambire pomwepo.

Sickle cell sabwera ndi mayi yekha, sizitheka. Kuti mwana adwale amayenera kulandira jini yolakwika kawiri, ina kwa mayi ina kwa bambo (jini ndi kachidutswa ka DNA, malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo). Nde ngati mlongo wako anayezedwa nkupezeka nawo ndiye kuti abambo akonso ali nayo jiniyo, ndipo iwo anaitenganso kwa makolo awo, kuchimuna komweko. Munthu wa jini imodzi sadwala, amalima, amasenza mabelo a fodya bwinobwino osadziwa kanthu, komanso jini imodziyo imamuteteza ku malungo oopsa, nchifukwa chake ndi yofala kuno kwathu. Makolo onse awiri akakhala nayo, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi 1 pa 4. Palibe analodza, palibe anachimwa. Iwenso udzayezetse usanaganize za banja.

Za kukonza majini ndi zoona. Mu 2012 azimayi awiri, Jennifer Doudna waku America ndi Emmanuelle Charpentier waku France, anaonetsa kuti kachida kamene mabakiteriya amadulira nako ma virus, kotchedwa CRISPR-Cas9, kakhoza kutumidwa kukadula DNA pamalo pamene iwe wasankha. Mu 2020 analandira mphoto ya Nobel, nde Biology ndi Chemistry usazinyozere. Mu 2019 mayi wina waku America, Victoria Gray, analandira thandizoli pa sickle cell ndipo ululu wobwerezabwereza uja unasiya. Pofika kumapeto kwa 2023 Britain ndi America anavomereza mankhwalawa, dzina lake Casgevy.

Koma si jakisoni wongobaya nkumapita kunyumba ayi. Amatenga ma cell opanga magazi a wodwalayo, ku labu amadula pamene pamayatsa jini ya BCL11A kuti thupi liyambenso kupanga hemoglobin (chonyamula mpweya mmagazi) ya mtundu umene mwana amakhala nawo ali mmimba, kenako wodwalayo amamupatsa chemo yamphamvu (mankhwala opha ma cell akale opanga magazi), yoti ikhoza kumulepheretsa kudzabereka, nkubwezera ma cell aja ndipo amakhala mchipatala masabata angapo. Mu 2023 mtengo wake ku America unali madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi mankhwala osintha majini, ndi wakuba.

Chimene chingamuthandize mlongo wako chaka chino ndi hydroxyurea, kapisozi wakumwa tsiku lililonse amene nayenso amakweza hemoglobin yomweyo ndipo ululu umabwera patalipatali. Amafunika kumayeza magazi pafupipafupi, nde sagulidwa mwachisawawa. Apa nde ndikudzudzuleni pang'ono nonse pakhomopo, brufen wa tsiku ndi tsiku amapweteka impso ndi mmimba, komanso amabisa kutentha thupi, pamene kwa mwana wa sickle cell thupi likangotentha ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo, olo kukhale usiku. Chimodzimodzi akayera mmanja, akamabanika, mimba ikatupa kumanzere, kapena mkono kaya mwendo ukafooka mwadzidzidzi.

Musadikire adwale. Tengani buku lake lakuchipatala sabata ino mupite ku chipatala chachikulu cha Mchinji, mukafunse kuti alembedwe mu kiliniki ya sickle cell, mukafunsenso za hydroxyurea ndi folic acid, kukafunika amutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Azigona mu neti, azimwa madzi ambiri, June ikafika avale juzi. Ndipo ulendowu abambo apite nawo, akayezedwe magazi limodzi ndi amayi, zotsatira akazimve okha kwa dokotala.