Chimene ku Manchester sagwetsera zinyumba zakalezi

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji kuno ku Manchester sagwetsa zinyumba zanjerwa zakalezi n'kumanga zamakono, poti ndalama ali nazo. Inenso nditangofika ndinkadabwa chimodzimodzi.

Kugwetsa anagwetsa ndithu, makamaka cha m'ma 1960, pomwe nyumba za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ankaziona ngati zonyansa, zakuda bii ndi utsi wa malasha. Bungwe la Victorian Society linayamba mu 1958 pofuna kuziteteza. Lero nyumba ikalembedwa m'kaundula wa boma wa nyumba zofunika kutetezedwa, mwini wake sangasinthe ngakhale mazenera popanda chilolezo cha khonsolo. Komatu lamulo silimata denga lodontha. Nyumba zomwe zapulumuka ndi zomwe anazipezera ntchito ina.

Taonani siteshoni ya Central. Anaitsegula mu 1880, sitima zinasiya kufikapo mu 1969, kwa zaka ndithu anthu n'kumangoimikamo galimoto. Mu 1986 inasanduka holo ya zionetsero, ndipo mu 2020 anaikamo mabedi a odwala Covid.

Koma imene imandigwira mtima ndi Royal Exchange. Mukapeza mpata tsiku lopuma, lowanimo. Muholo momwe amalonda ankagulitsirana thonje anamangamo bwalo la zisudzo lachitsulo ndi magalasi mu 1976, khoma osalikhudza kwenikweni. Mukakweza maso muona chikwangwani cha mitengo ya thonje chidakali momwe anachisiyira tsiku lomaliza la malonda mu 1968. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali, khosi mpaka kuwawa. Thonje lambiri lomwe linalemeretsa mzinda uno poyamba ankathyola ndi akapolo ku America, ndipo m'mafakitale a ku Ancoats, dera lina la mumzinda muno, munkagwira ntchito ana aang'ono, m'fumbi lotsamwitsa. Mukagwetsa makomawo, mwana wanu mudzamuloza chiyani pomufotokozera zimenezi?

Sindikubisirani, ndalama zimalowa zoopsa. Town Hall, nyumba ya maofesi a khonsolo ya mu 1877, anaitseka mu 2018 kuti aikonze, ndipo mtengo wake unapitirira mapaundi 300 miliyoni. Chimandipwetekanso n'chakuti mafakitale a ku Ancoats aja anawasandutsa nyumba zogona zokongola, koma lendi yake munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba ngati ine sangaikwanitse. Kusunga njerwa n'kuthamangitsa anthu wamba, pamenepo ndiye sindigwirizana nazo.

Mwatchulanso Mandala House ya kwathu ku Blantyre, ya mu 1882 ija. Nayonso yaima mpaka lero chifukwa anthu amalowamo kukamwa khofi ndi kuwerenga mabuku, ndipo madzi akayamba kudontha pamakhala wina wowaona msanga.