Kwa achimwene amene mwasunga ngaka mu dramu

Achimwene ndaona funso lanu, mwati ana apeza kanyama kamamba m'munda wa nandolo cha kumadzulo kakuyenda, atakayandikira kanangozipinda ngati mpira, nde mwakaika mu dramu ndipo mukufunsa kuti kamadya chani poti mgaiwa, mkaka ndi nyama yomwe kakukana, komanso ena akukuuzani kuti musakataye ndi ndalama zimenezo. Chithunzi chija ndachiona bwinobwino, imeneyo ndi ngaka. Ndiyambe ndi chofunika kwambiri, chonde ngaka imeneyo isagonenso mu dramu usiku wina. Ifa. Ndipo ikafera m'manja mwanu mavuto ake ndi anu omwe.

Sikuti ikukana chakudya chifukwa chamwano kapena zamatsenga ayi, ngaka ilibe mano olo limodzi, siingatafune chilichonse. Chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe basi, makamaka nyerere, ndiponso si nyerere iliyonse, imasankha mitundu yake imene imaidziwa ndi fungo. Maso ake saona kwenikweni koma mphuno ndiye ayi, imayenda mphuno ili pansi kununkhiza mpaka kupeza pamene pali chisa cha nyerere, nde imapalasa pang'ono ndi zikhadabo zakutsogolo zija n'kulowetsa lilime. Lilime limenelo ndi lalitali zedi, lowonda ngati chingwe komanso lomata, silinayambire pakhosi ngati lathuli koma mkati mwa thupi chakumimba uko, nde ikaliponya mu una nyerere ndi mazira ake omwe zimangomatirira n'kumezedwa. Pamene ikudya imatseka mphuno ndi makutu kuti nyerere zisalowe, zikope zakenso ndi zokhuthala. Mchenga ndi timiyala timene imamezera limodzi ndi timene timapera chakudya m'mimba, ngati mmene ichitira nthutumba ya nkhuku. Ndiye mukuona nokha kuti nsima apa palibe pomwe ingalowere. Siimatha chisa chonse pamalo amodzi, imadya pang'ono n'kupita pena, usiku umodzi imayendera malo ambirimbiri. Olo mutati muzikaitolera chiswe pa chulu m'mbale sizingathandize, akatswiri amene amasamala ngaka zolandidwa kwa ozembetsa amachita kuyenda nazo kutchire maola angapo tsiku lililonse, munthu akuitsatira pambuyo kuti izifunira yokha chakudya.

Chinanso chimene chimazipha msanga zikasungidwa ndi mantha. Phokoso la ana, agalu, anthu kubwera kudzaiona, kuigwiragwira, kuitembenuza kuti ifunyuluke, zonsezo zimaidwalitsa, imachita zilonda m'mimba ndi chibayo, madzi amatha m'thupi. Kunja imaoneka yolimba chifukwa cha mamba aja, munthu sungaone kuti yawonda, umangozindikira yafa kale. Ana asalowetse zala pakati pa mamba ikazipinda, mamba ake ndi akuthwa m'mphepete ndipo ikagwedeza mchira amatema ngati sizasi. Osainyamula ndi mchira, osaithira madzi kapena kuiyandikiza pamoto kuti itambasuke, ndimamva anthu amachita zimenezo ndipo ndi nkhanza zeni zeni.

Tsono za kumene imakhala. Ambiri timaganiza kuti nyama ngati imeneyi ndi ya m'nkhalango yowirira basi, koma ngaka yathu ino imakonda tchire la mitengo ya apo ndi apo, m'misuku ndi m'mitsanya, pomwe pali zulu zambiri. Imapezeka ku Majete, Lengwe, Liwonde, Kasungu, Nkhotakota, Vwaza, komanso m'mapiri ndi m'tchire zotsalira kufupi ndi midzi makamaka chakumalire a Mozambique. Padziko lonse mitundu yodziwika ya ngaka ilipo 8, inayi ku Asia inayi kuno ku Africa, zina zimakwera mitengo ngati za ku nkhalango za ku Congo, koma yathuyi ndi yapansi, imene azungu anaipatsa dzina la Temminck. Yaikulu imalemera makilo cha m'ma 7 mpaka 12. Ukaiona ikuyenda umadabwa, imayendera miyendo yakumbuyo yokha, yakutsogolo itaipinda pachifuwa ngati munthu amene akulowa pabwalo la mfumu mwaulemu, mchira uli m'mwamba pang'ono kuti isagwe. Imayenda yokhayokha, yaimuna ndi yaikazi zimakumana nthawi yokwerana basi. Nthawi zambiri imatuluka usiku, koma nyengo yozizira ngati June ndi July imatha kutuluka dzuwa lisanalowe chifukwa nyerere zimalowa pansi kukazizira, nde mwina ndi chifukwa chake ana anu anakumana nayo.

Apa pali chinthu chimene ine chimandisangalatsa kwambiri ndipo anthu ambiri sachidziwa. Ngaka ngakhale ili ndi zikhadabo zazikulu chonchija kawirikawiri siikumba dzenje lake logonamo. Imagona m'maenje amene anakumba anzake, makamaka chinyama chija ena amati godi ena nkumbakumba, chamakutu aatali ngati kalulu, mlomo ngati wa nkhumba, mchira wonenepa. Chimenecho nde katswiri wokumba, chimalemera makilo 40 mpaka 60 kapena kuposa, nachonso chimadya nyerere ndi chiswe usiku, ndipo chimakumba mwachangu moti anthu okhala ndi makasu sangachipeze. Chimakumba dzenje, kugonamo masiku ochepa, kulisiya n'kukakumba lina. Maenje osiyidwawo ndi amene amasanduka nyumba za ena, njiri imalowamo chammbuyo kuti mano ayang'ane kukhomo, nungu, nkhandwe, fisi amaberekeramo, nsato, mbalame zina, ndi ngaka yomwe. Moto wolusa ukabuka nyama zing'onozing'ono zimathawiranso momwemo. Kwathu ndili mwana maenje amenewa tinkawapeza pafupi ndi zulu tikamadyetsa mbuzi, akuluakulu ankatiletsa kulowetsamo mkono ndipo ankati ukaona tintchentche tikuuluka pakhomo ndiye kuti mwini wake ali momwemo. Pano ndikapita kumudzi sindiwaonanso, tchire lonse linapita ndi makala, zulu anagumula kuumba njerwa. Chokumba chija chikatha ndiye kuti ngaka yasowa pogona, ndi chifukwa chake masiku ano zikumapezeka zikuyendayenda m'minda.

Kuzipinda kuja ndi chitetezo chake chachikulu. Siiluma, siithamanga, ilibe poizoni. Mimba yake ndi nkhope zilibe mamba, nde imabisa mutu pamimba n'kukulunga ndi mchira. Mkango umatha kuigubuduza, kuiluma, kutopa n'kuisiya ili bwinobwino. Koma kwa munthu nzeru imeneyi ndi imene imaipereka, munthu amangowerama n'kutola ngati dzungu. Ku South Africa ngaka zambiri zimafera pa mipanda yamagetsi ya m'mafamu, ikagunda waya wapansi ndi mimba m'malo mothawa imazipinda pa waya pomwepo, magetsi n'kumaimenyabe mpaka kufa. Zimandipweteka mtima ndikaganiza zimenezo.

Ndipo kuberekana kwake ndi kochedwa. Mwana mmodzi yekha, mwina kamodzi pachaka, bere la miyezi inayi ndi theka cha pamenepo. Mwana amabadwa ndi mamba ofewa amene amalimba pakapita masiku, masabata oyamba amakhala ku dzenje mayi akupita kukadya n'kumabwera kudzayamwitsa, kenako amayamba kukwera pamsana chakumchira kwa mayi ake kumayenda nawo, zoopsa zikabwera mayi amamufungatira pamimba n'kuzipinda naye limodzi. Ndiye ganizani achimwene, ngati imene ili mu dramuyo ndi yaikazi yoyamwitsa, pali kamwana kena ku dzenje kakudikira usiku wachiwiri tsopano.

Za ndalama zija. Amene akukuuzani choncho afunseni ngati iwowo anagulitsapo. Mamba a ngaka ndi chimodzimodzi zikhadabo zanu ndi tsitsi, kapena nyanga ya chipembere, mulibe mankhwala aliwonse mmenemo, kungoti kumayiko ngati China ndi Vietnam kuli anthu amakhulupirira kuti amachiza ndipo nyama yake amaidya ngati yapamwamba, za kwawo zitachepa ndi pamene anatembenukira kuno ku Africa. Mu 2016 mayiko anakumana ku Johannesburg pa msonkhano wa CITES, mgwirizano wa mayiko woona za malonda a nyama zakutchire, n'kuletseratu malonda a ngaka zamitundu yonse pakati pa mayiko. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ngaka ili m'gulu la nyama zotetezedwa kwambiri limodzi ndi njovu ndi chipembere, chilango chimatha kufika zaka 30 kundende. Sikuti mpaka akupezeni mukugulitsa ayi, kupezeka nayo kokhako popanda chilolezo ndi mlandu. Mu July 2020 khoti ku Lilongwe linagamula anthu 9 a gulu limodzi lozembetsa ngaka, minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, zaka zawo zakundende kuphatikiza onse zinapitirira 56. Koma ambiri amene timawamva pa wailesi atamangidwa ndi anthu wamba akumudzi ngati ife tomwe, alimi, a kabaza, amene anamva mphekesera za mamiliyoni n'kuyamba kuyenda ndi thumba kufunafuna wogula mpaka kukagwa m'manja mwa apolisi, ana kunyumba n'kutsala opanda owasamala.

Zoti imagwa kuchokera kumwamba ndi mvula kapena kuti imabweretsa mwayi pakhomo, ndikudziwa zimanenedwa, ndipo zinayamba chifukwa choti ndi nyama yosaonekaoneka, munthu amatha kukalamba kumudzi osaionapo. Ku Zimbabwe amaitcha haka ndipo mwambo wawo wakale unali wakuti woipeza azikaipereka kwa mfumu, sinali ya munthu wamba kusunga. Koma yanuyo yachokera ku dzenje lina lake pafupi ndi munda wanu womwewo, ndipo yakhala ikukudyerani chiswe ndi nyerere kwa nthawi inu osadziwa.

Chochita nachi. Panopa chotsani dramulo padzuwa, chitsulo chimatentha, muiike pamalo amthunzi, ofewa, opanda phokoso, agalu ndi ana atalikire, ikani madzi pang'ono m'mbale yosazama kuti ikafuna imwe yokha, osaikakamiza. Kenako imbani foni lero lomwe kwa a gemu, a dipatimenti yoona za malo osungirako nyama zakutchire, kapena pitani ku polisi yapafupi muli ndi amfumu anu kuti akhale mboni kuti ana anaitola kumunda ndipo mwadzinenera nokha. A Lilongwe Wildlife Trust amagwira ntchito ndi boma pa zimenezi, ali ndi madokotala a nyama amene amaziyeza, kuzipatsa madzi m'thupi ndipo zikachira amakazisiya kumalo otetezedwa. Popeza yatha kale tsiku mu dramu ndipo mudzi wonse wamva, kungokaitaya kumunda usiku sikuthandiza, wina akaitsatira. Muwauzenso a gemuwo malo enieni amene ana anaipeza kuti akaone ngati kuli kamwana, ndipo wina aliyense akakulemberani ku inbox kufunsa mtengo musamuyankhe.