Kodi mpweya umasungunuka m'magazi?

Funso lachokera kwa wophunzira unamwino wa ku Chilenje: "Aphunzitsi, atipempha tifotokozere anthu m'Chinyanja mmene okosijeni amakhalira m'magazi kukazizira. Ndinalemba kuti 'okosijeni amasungunuka kwambiri m'magazi ozizira'. Agogo anga atamva anakana, akuti chimasungunuka ndi mchere kapena mafuta, osati mpweya. Ndalakwitsa kodi?"

Simunalakwitse, komabe agogo anuwo khutu lawo ndi lakuthwa. Mawu oti kusungunuka tinawaphunzirira pamoto: shuga mu tiyi wotentha, mafuta a nkhumba pambaula. Munthu akawamva amangoti kutentha ndiko kumathandiza. Mpweya umachita zosemphana. Tsekulani botolo la Fanta lomwe latandala padzuwa pa Soweto Market, thovu limasefukira m'manja. Lochokera mufiriji limangolira pang'ono, mpweya n'kutsala momwemo. Madzi ozizira amasunga mpweya wochuluka kuposa ofunda, ndipo madzi a m'magazi, omwe kuchipatala amati plasma, amateronso. Ndiye mawuwo asungeni, koma chitsanzo cha botolochi chikhale pambali pake kuti womva asasochere.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti mawu amodziwo mwawasenzetsa nkhani yonse. Okosijeni wosungunukadi ndi wochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100 aliwonse. Magawo pafupifupi 98 otsalawo amanyamulidwa ndi hemoglobin, puloteni ya m'maselo ofiira a magazi. Apa chiyankhulo chathu sichisowa mawu. Hemoglobin imasenza okosijeni m'mapapo, n'kukamutula m'minofu, monga mayi atula mtolo wa nkhuni pakhomo. Magazi akazizira imamugwira zolimba, kutula kwake n'kovuta. Ine pamenepa ndimakonda mawu oti kuumira, omwe timanenera munthu wosafuna kugawa chake: "Magazi akazizira, hemoglobin imaumira okosijeni." Agogo amva msanga, chifukwa munthu woumira amamudziwa.

Samalaninso ndi "kukazizira" wa m'funso lanu uja. Mawuwa amanena za kunja. M'mawa wa mu Julaye, mukudikira minibasi, zala zimachita dzanzi ndipo timati tamva mphepo, koma mkati mwa thupi kutentha kumakhalabe pafupi ndi madigiri 37. Zomwe mukufotokozazi zimachitika thupi lonse likazizira mkati, ndipo kutentha kukatsika kupyola 35 ndi matenda ofuna chithandizo msanga. Zoterezi zimagwera makamaka makanda obadwa kumene, okalamba, ndi munthu amene wagona panja atanyowa. Lembani "thupi likazizira mkati", osati "kukazizira".

Ena amati "mpweya wabwino" m'malo mwa okosijeni. Pocheza palibe vuto, koma mpweya wabwino ndi womwenso timaupeza tikatsekula zenera, ndipo mwa umenewo okosijeni ndi magawo 21 okha pa 100. Pophunzitsa nenani "mpweya wa okosijeni" poyamba, kenako okosijeni basi.