Madokotala akuluakulu akanyanyala, ife a kuchigwa tiime mbali iti?

Mwezi uno ndalandira makalata awiri pa nkhani imodzi, ina yofunsa modekha, ina yolembedwa ndi mtima wowawa. Ndiyankha onse.

FUNSO: Mayi Azamba, ndine mlimi wa thonje ndi mapira kuno ku Ngabu. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester. Anatiuza pafoni kuti m'chaka cha 2023 madokotala akuluakulu a kumeneko ananyanyala ntchito pofuna malipiro, moti gogo wina amene iye amamusamalira anamubweza pa tsiku la opaleshoni ya bondo. Nkhaniyi takhala tikukangana nayo pa bawo. Ena akuti ndi dyera basi, ena akuti munthu aliyense amadziwa yekha pomwe pakumuwawa. Kodi munthu wolandira kale zambiri, amenenso analumbira kupulumutsa miyoyo, n'koyenera kuti anyanyale? Nanga athu a ku Queens akadzatero, tidzawaone bwanji? — Bambo wa ku Ngabu, Chikwawa

YANKHO: Bambo, zimene mwana wanu anakuuzani n'zoona. Pa 20 ndi 21 Julaye 2023, madokotala akuluakulu a m'zipatala za boma ku England ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi bungwe lawo la British Medical Association. Anabwerezanso mu Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala, ndipo mkanganowo unatha mu Epulo 2024 atavomera malipiro atsopano. Dandaulo lawo linali lakuti chiyambire 2008, ndalama yopita nayo kunyumba inali itachepa mphamvu ndi 35 peresenti. Komatu wongoyamba kumene pa udindowo ankalandira mapaundi pafupifupi 90,000 pa chaka, kuposa kawiri zimene wantchito wamba amapeza m'dzikomo. N'chifukwa chake nawonso anthu a kumeneko anagawikana. Anamwino atanyanyala, ambiri anawamvera chisoni. Akuluakuluwa atanyanyala, chisonicho chinachepa.

Pali chinthu chimodzi chimene mukawauze anzanu a pa bawo. Masiku onsewo khomo la odwala mwadzidzidzi silinatsekedwe. Anagwirizana kuti chipatala chiziyenda monga chimayendera pa tsiku la Khirisimasi: wochita ngozi, mayi wovutika pochira, wogwidwa mtima mwadzidzidzi, onse ankathandizidwa. Zimene zinaima ndi zija zotheka kudikira, monga bondo la gogo uja. Sindikupeputsa ululu wake. Munthu amene wadikira miyezi, n'kudzauzidwa kuti abwerere kunyumba, ali ndi chifukwa chokwiyira.

Ine ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kuchigwa cha Shire kuno mpaka kupuma, ndipo ndikuuzani pomwe ndaima. Dokotala, ngakhale wamkulu, ali ndi ufulu wodandaula za malipiro ake, ndipo zokambirana zikakanika, ngakhale kunyanyala kumene sindingamuletse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma chipinda chochilira amayi, fiyeta ya maopaleshoni adzidzidzi, wodi ya ana ndi ya odwala mwakayakaya zisatsekedwe ngakhale ola limodzi. Wosiya mayi akutaya magazi n'kupita kukaima pageti ndi chikwangwani, ameneyo sindingamuikire kumbuyo, kaya dandaulo lake ndi lomveka chotani.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa nkhani yathu ndi yosiyana ndi ya ku Manchester. Mukapita pa chipatala cha Ngabu, cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, pa Montfort ku Nchalo, pa Trinity ku Muona kapena pa Kalemba ku Bangula, amene amakulemberani m'buku nthawi zambiri ndi medikala asisitanti, kilinikala ofisa kapena namwino. Maopaleshoni ambiri a amayi olephera kuchira okha m'zipatala za m'maboma amachita ndi makilinikala ofisa, ndipo ndaona ndi maso anga manja awo akupulumutsa amayi ndi makanda pakati pa usiku, m'kutentha kwa Okutobala kuja thukuta likudontha m'magolovesi. Akatswiri a mafupa, a khansa, a maso, a matenda a amayi, ambiri mwa iwo ali kumtunda, ku Blantyre. Kuchokera pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, kukwera mapiri aja mukadutsa pa Thabwa. Kuchokera ku Nsanje ndi pafupifupi 180, ndipo wa ku Marka awonjezerepo.

Apa m'pamene pali kuwawa kwathu. Taganizirani mayi amene wapezeka ndi chotupa m'bere, wapatsidwa kalata ndi tsiku lokaonana ndi katswiri. Agulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yake ndi ya gadiyani, amanga ufa, nkhuni ndi poto, ana awasiya kwa apongozi. Afika uko n'kumva kuti madokotala sakugwira ntchito, abwerenso mwezi wamawa. Wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa wataya ya minibasi yokha. Wathuyu mbuzi yapita, ndipo ena oterewa sabwereranso. Amakathera kwa asing'anga kapena kungokhala kunyumba chotupa chikukula. Kunyanyala kwa katswiri kumagwera kwambiri munthu wa kutali ndi wosauka, amene alibe ndalama yolowera chipatala cholipira. Choncho mkwiyo wa anzanu aja sindikuutenga ngati umbuli ayi.

Komabe ndikupempheni kuti muone mbali inayo. Sukulu yathu ya madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991, ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kuti mwana wa ku Ngabu alowe kumeneko, amalize, agwire ntchito moyang'aniridwa, kenako aphunzirenso mpaka kukhala katswiri, zimadutsa zaka zoposa 10. Munthu ameneyu amafunidwa ku Botswana, ku Namibia, ku Lesotho, ku South Africa ndi ku England komweko, ndipo amadziwa zimene anzake akulandira kumeneko. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Inu mukudziwa zimene zinachitikira mtengo wa feteleza, mankhwala opopera thonje ndi sopo. Naye dokotala amagula pa msika womwewo, ndipo pakhomo pake pali mzere wa abale omudalira, monga zilili pa khomo la aliyense wolembedwa ntchito m'dziko muno.

Dokotala amene wanyanyala akadali nafe. Akulankhula, ndipo mawa abwerera kuwodi. Amene ine amandidetsa nkhawa ndi uja wotopa mwakachetechete. Salemba chikwangwani, sapita pa wailesi. Amangolemba kalata yosiya ntchito n'kukwera ndege, kapena amaonekera m'mawa pang'ono masana n'kukathera ku kiliniki yake. Ndaonapo anyamata ndi atsikana anzeru akubwera kuchigwa kuno ndi mtima wofuna kuthandiza, koma nyumba yodontha, madzi amchere, magetsi ozimazima, alawansi ya lokamu (ya maola owonjezera a ntchito) yochedwa miyezi, ndiponso kuona wodwala akutsirizika chifukwa ambulansi ilibe mafuta, zinawathamangitsa. Palibe amene anakangana za iwowo pa bawo, koma kuchoka kwawo kunatipweteka kuposa sitiraka iliyonse imene ndikuikumbukira. Boma lenilenilo linavomereza kuti ndalama imasunga anthu pa ntchito: mu 2005, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund, linawonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo chifukwa zipatala zinali kutha anthu.

Za lumbiro zija mwatchulazi, n'zoona, analumbira, ndipo n'chifukwa chake ndaika malire aja. Koma nalo boma lili ndi lonjezo lake. Ku Abuja mu 2001, maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitinafikepo. Pofunsa dokotala za lumbiro lake, tizifunsanso phungu wathu za lonjezo limeneli.

Tsono athu akadzanyanyala, muwayese ndi zimene achita. Kodi ayamba akambirana mpaka njira zonse kutha? Kodi odwala mwadzidzidzi akuthandizidwa? Kodi atichenjeza nthawi ilipo, uthenga n'kufika pa wailesi zathu za Nyanthepa ndi Gaka ndiponso m'zipatala zing'onozing'ono, kuti mayi uja asagulitse mbuzi pachabe? Ndipo pa tsiku limene akana kuona wosauka m'chipatala cha boma, asapezeke akuona wolemera ku kiliniki yolipira. Akasunga zimenezi, ine ndidzaima nawo poyera.

FUNSO: Azamba, ine ndiye ndilibe nawo chisoni. Ife a ku Makhanga tikadwala timawoloka pa Mtayamoyo pa bwato, ng'ona zili m'madzi momwemo. Mwamuna wanga amadula nzimbe, ndipo zimene amapeza pa mwezi dokotala wamkulu amazidya pa sabata, koma sananyanyalepo. Bwanji boma lisamangochotsa ntchito onse onyanyala n'kulemba ena? Achinyamata ophunzira ali mbwee m'midzimu opanda ntchito. — Mayi wa ku Makhanga, Nsanje

YANKHO: Mayi, ndakumvani, ndipo sindikutsutsani pa za kuvutika kwanu. Inu a tsidya limenelo mwaona zokhoma: madzi a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, kolera n'kubweranso pamwamba. Munthu wodutsa m'zimenezi akamva wa galimoto ndi nyumba ya malata akulira malipiro, mtima umamuwira. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Lamulo lilipo ndithu. Labour Relations Act ya 1996 imaletsa kunyanyala pa ntchito zimene zikaima moyo wa anthu ungakhale pa chiswe. Kuyambira 2021, olemba ntchito amaloledwanso kudula malipiro a wonyanyala akapitirira masiku atatu pa chaka. Choncho boma si lopanda ndodo.

Vuto lili pa mawu anu akuti "kulemba ena". N'zoona kuti pali anamwino ndi madokotala achinyamata amene amakhala pakhomo kudikira ntchito. Mu 2015 madokotala oposa 50 ongomaliza kumene maphunziro anasowa wowalemba boma litati lilibe ndalama. Zimenezo n'zamanyazi, ndipo alembedwe. Koma wongotuluka kumene m'kalasi sangalowe m'malo mwa katswiri wotsegula mutu wa mwana kapena wochotsa chibelekero chogwidwa ndi khansa. Wachinyamatayo amaphunzira ntchito ataima pambali pa wamkulu yemweyo. Mukachotsa wamkulu, mwachotsanso mphunzitsi, ndipo m'nthambi zina akatswiri m'dziko lonse lino ndi owerengeka pa zala. Ku Kenya anayesa njira ya ukali: atsogoleri a madokotala anatsekeredwa m'ndende mu Febuluwale 2017, koma sitirakayo inatha masiku 100, ndipo pomaliza anakhalabe pansi n'kukambirana. Amene analipira masiku onsewo ndi odwala osauka.

Kwathu kuno takhala tikuziona. Mu Okutobala 2001 ogwira ntchito pa Queens ananyanyala, chipatala chachikulu chija n'kutsala pang'ono kuima. Mu Epulo 2020, Covid-19 itangofika, anakhalanso pansi pofuna zodzitetezera ndi alawansi ya ntchito yoika moyo pa chiswe, imene pa nthawiyo inali yosapitirira K1,800 pa mwezi. Boma linakweza alawansiyo anthu atanyanyala kale. Chimene chimandipweteka n'chakuti madandaulo amakhala atalembedwa m'makalata miyezi yambiri m'mbuyo, osayankhidwa, ngati kuti akuluakulu amadikira kuti mawodi ayambe aima kaye.

Kwa madokotala akuluakulu amene amawerenga tsamba lino, kalata ya mayiwa muiwerenge kawiri. Anthu sadzakumverani chisoni mukamalira za thumba lanu lokha. M'dandaulo lanu muzikhala namwino wogona yekha ndi wodi yodzaza, mlangizi wa zaumoyo wopalasa njinga m'matope a ku East Bank, mafuta a ambulansi, magazi ndi mankhwala. Ndipo muzitsika kuchigwa kuno kawirikawiri kudzaona odwala m'zipatala zathu, kuti anthu akudziweni nkhope lisanafike tsiku lowapempha kuti akumvetseni.

Inu mayi, ngati inu kapena m'bale wanu mwabwezedwa muli pa ngozi, kaya kuli sitiraka kaya kulibe, musangokalirira kunyumba. Pa chipatala cha boma funsani ofesi ya ombudsman wa chipatala, yemwe amalandira madandaulo a odwala. Kumudzi kauzeni a komiti ya chipatala, amfumu kapena khansala. Dandaulo lokhudza khalidwe la dokotala kapena kilinikala ofisa limapita ku Medical Council of Malawi, la namwino ndi mzamba ku Nurses and Midwives Council. Lembani tsiku, nthawi ndi zimene munauzidwa, ndipo buku lanu la kuchipatala mulisunge m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe powoloka. Mukapatsidwa tsiku la ku Blantyre pa nthawi imene kukumveka za sitiraka, pemphani amene anakulemberani kalatayo kuti ayambe waimba foni kumeneko musanagulitse kanthu. Koma kutaya magazi, mwana wokomoka, kulumidwa ndi njoka kapena matenda a uchembere akayamba, musadikire nkhani za pa wailesi; nyamukani nthawi yomweyo kupita ku chipatala chimene chili pafupi.